Mlandu suola: Dziko la Tonga likubweza ngongole ya China yomwe linaizengereza kwa zaka khumi

Dziko la Tonga, lomwe ndi gulu la zilumba za kummwera kwa nyanja ya Pacific, lili mkati mobweza ngongole yomwe linatenga ku banki ya Exim ya dziko la China zaka zoposa 15 zapitazo. Ngongoleyi inali ya madola a ku America pafupifupi 120 miliyoni pomwe kubweza kunkayamba. Kwa maiko akuluakulu ndalamazi ndi zochepa, koma dziko la Tonga lili ndi anthu pafupifupi 100,000 okha, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha anthu a mumzinda wa Zomba, ndipo ngongoleyi inkafika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chonse chomwe dzikolo limapanga pa chaka.

Kuyambira m'chaka cha boma cha 2023/24, unduna wa zachuma wa dzikolo wakhala ukupatula ndalama zochuluka m'bajeti zopita ku Beijing. Bungwe lofufuza la Lowy Institute la mumzinda wa Sydney ku Australia linawerengera kuti zomwe dziko la Tonga likubweza ku China pa chaka zikuyandikira 4 peresenti ya chuma chake chonse. Ndalamazi zikuchoka m'thumba lomwelo lomwe limalipira aphunzitsi ndi anamwino, kugula mankhwala ndi kukonza misewu, ndipo zikuchoka pa nthawi yomwe dzikolo likadamanganso zomwe anamondwe ndi mafunde a m'nyanja anagumula.

Nkhani ya Tonga imakambidwa kawirikawiri ngati ya mpikisano wa pakati pa China ndi maiko a azungu. Mbali imeneyo ilipo ndithu, koma mbiri ya ngongoleyi ikuonetsa china chofunika koposa. Chiwongoladzanja chochepa pachokha sichipeputsa ngongole. Kulemera kwa ngongole kumachokera pa ntchito yomwe ndalamazo zagwira, mtundu wa ndalama zomwe dziko liyenera kubwezera, tsiku lomaliza kubweza, komanso luso la anthu omwe anaimira dziko posaina. Ku Tonga, upangiri wambiri wokhudza zinthu zimenezi unalimbikitsidwa mapepala atasainidwa kale.

Moto wa pa 16 Novembala 2006

Dziko la Tonga lili ndi zilumba pafupifupi 170, zambiri mwa izo zopanda anthu. Anthu oposa 70 mwa 100 alionse amakhala pa chilumba chachikulu cha Tongatapu, pomwe pali likulu la dzikolo, Nuku'alofa. Ndi dziko lokhala ndi mfumu, ndipo kufikira mu 2010 aphungu osankhidwa ndi anthu wamba anali ochepa m'Nyumba ya Malamulo poyerekeza ndi nduna zosankhidwa ndi mfumu pamodzi ndi oimira mabanja olemekezeka.

Pa 16 Novembala 2006, anthu omwe ankafuna ulamuliro wa demokalase anakwiya ataona kuti Nyumba ya Malamulo ikufuna kutseka zokambirana za chakacho isanachitepo kanthu pa pempho lawo. Zionetsero zinasanduka zipolowe. Masitolo anathyoledwa, kuphatikizapo a amalonda ochokera ku China, moto unabuka, anthu angapo anafa, ndipo gawo lalikulu la malo a malonda pakati pa mzindawo linapsa. Maiko a Australia ndi New Zealand anatumiza asilikali ndi apolisi kukathandiza kubwezeretsa bata.

Boma la nduna yaikulu ya nthawiyo, Feleti Sevele, linatsala ndi likulu lodzaza phulusa. Ndalama zomwe mabwenzi akale anali okonzeka kupereka sizikanakwanira kumanganso mzinda, pomwe boma linkafuna kuti ntchito iyambe msanga. Popeza dzikolo linali litathetsa ubale wake ndi Taiwan n'kutsegula ubale ndi Beijing mu 1998, khomo la banki ya Exim linali lotsegula.

Zomwe zinali m'mapepala

Ngongole yoyamba, ya mayuan 440 miliyoni, inatengedwa mu 2008 kuti imangenso likulu. Yachiwiri, ya mayuan 291 miliyoni, inabwera mu 2010 yokonzera misewu. Pongoyang'ana, mfundo zake zinali zofewa: chiwongoladzanja cha 2 peresenti, zaka 20 zobwezera, ndipo zisanu zoyambirira boma linkayenera kulipira chiwongoladzanja chokha. Palibe banki ya malonda yomwe ikanabwereketsa dziko laling'ono chotero pa mtengo umenewu. Komabe panali zinthu zitatu zomwe zinadzalemeretsa mtolowu.

Choyamba chinali mtundu wa ndalama. Ngongoleyi inalembedwa m'mayuan, pomwe boma la Tonga limatolera misonkho mu ndalama yake ya pa'anga. Nthawi iliyonse yomwe pa'anga yachepa mphamvu poyerekeza ndi yuan, ngongole imakula m'mabuku a boma ngakhale palibe yemwe wabwereka china chilichonse chatsopano. Dziko lomwe limagulitsa kunja zinthu zochepa, monga maungu, vanila, mizu ya kava ndi nsomba, lilibe njira yodzitetezera ku vuto lotere.

Chachiwiri chinali choti ndalamazo zinali zomangirira. Malamulo a ngongole zotere za banki ya Exim amafuna kuti ntchito igwiridwe ndi kampani ya ku China komanso kuti gawo lalikulu la zipangizo ligulidwe komweko. Ku Tonga ntchito zonse ziwiri zinapatsidwa kwa kampani ya China Civil Engineering Construction Corporation. Pomwe palibe mpikisano wa makontrakitala, chitetezo chokhacho chomwe wobwereka amatsala nacho ndi akatswiri ake, odziwa kuwerengera mtengo weniweni wa nyumba kapena msewu ndi kukana ntchito yosalongosoka. Akatswiri otere anali ochepa m'boma laling'ono la Tonga.

Chachitatu chinali ntchito yomwe ndalamazo zinagwira. Ndondomeko inali yoti nyumba zamalonda zikamangidwa, eni ake azibweza ndalama ku boma pang'onopang'ono, ndipo boma lizitenga pomwepo zobwezera ku China. Ena mwa amalondawo analephera kubweza m'nthawi yake. Gawo lina la ngongole linapita ku ntchito zina, monga kukulitsa nyumba ya mfumu ndi kumanganso doko la Vuna. Mu 2012, komiti ya aphungu yomwe inafufuza nkhaniyi inadzudzula momwe ndalamazo zinayendetsedwera. Pa nthawiyo nyumba zinali zitaima kale ndipo ngongole inali italowa m'mabuku.

Kuzengereza komwe sikunachotse kanthu

Zaka zisanu zopumira zitatha mu 2013, boma linaona kuti silingakwanitse kuyamba kubweza ngongole yeniyeniyo. Linapempha, ndipo dziko la China linavomera kudikira zaka zina zisanu. Nthawi itayandikiranso mu 2018, nduna yaikulu 'Akilisi Pohiva, yemwe kwa zaka zambiri anatsogolera gulu lomenyera demokalase, anapempha poyera maiko a m'dera la Pacific kuti agwirizane n'kupempha China kuti ikhululuke ngongole zawo. Patangopita masiku ochepa anabweza mawu akewo. Mu Novembala chaka chomwecho, pa nthawi ya msonkhano wa APEC mumzinda wa Port Moresby ku Papua New Guinea, dziko la Tonga linasaina mgwirizano wolowa mu ndondomeko ya China ya Belt and Road, ndipo linapatsidwa zaka zina zisanu.

Kwa andale, kudikira kulikonse kunali mpumulo, chifukwa vuto linkasiyidwira boma lotsatira. Koma dziko la China linangosuntha tsiku loyamba kubweza. Tsiku lomaliza linakhala pomwe linali, ndipo chiwongoladzanja chinapitirira kuwerengedwa zaka zonsezo. Popeza ngongolezi ndi za zaka 20, ziyenera kuthera pakati pa 2028 ndi 2030.

Masamu ake ndi osavuta. Ngongole yoyamba ikanabwezedwa m'zaka 15 monga zinalembedwera, boma likanapereka mayuan pafupifupi 29 miliyoni pa chaka. Zaka khumi zitadyedwa ndi kudikira, zinatsala zisanu zokha, ndipo ndalama zomwezo zikagawidwa pa zaka zisanu zimafika pa mayuan 88 miliyoni pa chaka, kuwirikiza katatu. Kunena zoona, chomwe dziko la Tonga linkafunika kupempha kuyambira pachiyambi ndi kutalikitsa nthawi yonse yobwezera kapena kudula ngongoleyo. Izi dziko la China silinavomere, ngakhale boma linapemphanso mu 2020 mliri wa Covid-19 utavuta.

Namondwe, phiri lophulika ndi mafunde

Zaka zodikirazo zikanathandiza dziko likanakhala pa mtendere n'kumasunga ndalama. M'malo mwake munagwa ngozi zotsatizana. Mu Januwale 2014 namondwe wa Ian anasakaza zilumba za Ha'apai. Mu Febuluwale 2018 namondwe wa Gita anawomba Tongatapu ndi chilumba cha 'Eua, n'kugumula ngakhale nyumba yomwe aphungu ankakumaniramo kwa zaka zoposa 100. Zomwe zinawonongeka zinawerengedwa kuti ndi pafupifupi 38 peresenti ya chuma chomwe dzikolo limapanga pa chaka. Mu Epulo 2020 kunabwera namondwe wa Harold, malire a dziko ali otseka chifukwa cha mliri ndipo alendo okaona malo atasiya kubwera.

Pa 15 Januwale 2022, phiri la pansi pa nyanja la Hunga Tonga-Hunga Ha'apai linaphulika mwamphamvu zomwe dziko lapansi linali lisanaone kwa zaka zambiri. Phulusa linakwirira minda ndi kuipitsa madzi akumwa, ndipo mafunde aakulu a tsunami anakokolola midzi ya m'mbali mwa nyanja. Banki ya World Bank inawerengera kuti katundu wa madola 90.4 miliyoni anawonongeka, yemwe ndi 18.5 peresenti ya chuma cha pa chaka.

Apa ndi pomwe dziko la pachilumba limasiyana ndi maiko ena. M'dziko lalikulu, chigawo chimodzi chikakhudzidwa ndi ngozi zigawo zina zimapitiriza kulima, kugulitsa ndi kukhoma misonkho. Ku Tonga namondwe mmodzi amatha kukhudza likulu, doko, bwalo la ndege ndi minda usiku umodzi. Msewu womwe unamangidwa ndi ngongole ukhoza kukokoloka ngongoleyo isanathe, ndipo wobwereketsa amayembekezerabe ndalama zake.

Dzikolo linayesa kudziteteza ndi inshuwalansi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi yomwe maiko a Pacific anakhazikitsa mothandizidwa ndi World Bank. Linalandira madola 1.27 miliyoni pambuyo pa Ian, 3.5 miliyoni pambuyo pa Gita ndi 4.5 miliyoni pambuyo pa Harold. Ubwino wa ndalamazi ndi woti zimafika msanga, nthawi yomwe anthu akusowa madzi ndi malata. Koma poyerekeza ndi zomwe zimawonongeka, ndi zongoyambira ntchito basi.

Chifukwa chomwe ena amapereka thandizo losabweza

Dziko la Tonga linalowa m'banki ya Asian Development Bank, yodziwika kuti ADB, mu 1972, ndipo linalowa mu World Bank ndi bungwe la IMF mu 1985. Potengera ndalama zomwe munthu mmodzi amapeza pa chaka, dzikoli siliwerengedwa m'gulu la maiko osaukitsitsa, ndipo mwa lamulo wamba silikanayenera kulandira ndalama zofewa za World Bank. Limalandira chifukwa cha mwayi wapadera womwe bankiyo inakhazikitsa mu 1985 poganizira mavuto a maiko a zilumba zing'onozing'ono.

Kwa zaka zingapo tsopano, IMF ndi World Bank akhala akuika dziko la Tonga m'gulu la maiko omwe ali pa chiopsezo chachikulu cholephera kubweza ngongole. Malamulo a World Bank ndi ADB amati dziko lotere lizipatsidwa thandizo losabweza m'malo mwa ngongole. Ntchito zikuluzikulu za zaka zaposachedwapa, monga kukonza doko lalikulu la Queen Salote, magetsi a dzuwa ndi mabatire osungira mphamvu, komanso kumanganso sukulu, zadalira thandizo lotere. Maiko a Australia ndi New Zealand, bungwe la European Union ndi mabanki awiriwa amaikanso ndalama mwachindunji m'bajeti ya boma.

Pamenepa pali chinthu chomwe opereka thandizo sakonda kuchitchula mokweza. Ndalama zikalowa m'thumba la boma sizikhala ndi chizindikiro. Dola iliyonse yomwe Canberra kapena Wellington yaika m'bajeti imamasula dola ina yomwe ingapite ku Beijing. Mwa njira imeneyi, okhoma misonkho a maiko ena akuthandiza kubweza ngongole yomwe sanafunsidwe pomwe inkatengedwa. Kukana kuthandiza nakonso n'kovuta, chifukwa ovutika angakhale odwala ndi ana asukulu.

Chitsanzo cha chingwe cha intaneti chikuonetsa kusiyana kwa ntchito yokonzedwa bwino. Mu 2013 dzikolo linalumikizidwa ndi Fiji kudzera pa chingwe cha pansi pa nyanja chotalika makilomita 827, cholipiridwa kwakukulu ndi thandizo losabweza la World Bank ndi ADB. Mitengo ya intaneti inatsika ndipo mabanki, amalonda ndi mabanja omwe ali ndi abale kunja anapindula. Koma chingwecho chinali chimodzi chokha. Chinaduka mu Januwale 2019, ndipo chinadukanso phiri litaphulika mu 2022, pomwe panatenga masabata pafupifupi asanu kuti chikonzedwe. Maiko a Australia ndi New Zealand analonjeza pambuyo pake kulipira chingwe chachiwiri. Ngakhale ntchito yabwino imafuna wina woganizira tsiku lomwe idzawonongeke.

Kalumo ka mlendo

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo thandizo la upangiri lakhazikika pa ganizo lomweli. M'malo mopereka ndalama zomangira, mabungwe amatumiza akatswiri oti athandize boma kulemba malamulo, kukonza kaundula wa ngongole, kutolera misonkho ndi kuunika ntchito isanayambe. Bungwe la IMF lili ndi ofesi ya upangiri wotere mumzinda wa Suva ku Fiji, yomwe inatsegulidwa mu 1993. Banki ya ADB, mothandizana ndi Australia ndi New Zealand, ili ndi ndondomeko yothandiza maiko a Pacific kusintha malamulo a malonda, ndipo ku Tonga inathandiza kuti kulembetsa kampani kuzichitika pa intaneti.

Mtengo wa kusowa kwa luso lotere dzikolo linauona mowawa pa 5 Ogasiti 2009, pomwe sitima yapamadzi ya Princess Ashika inamira n'kupha anthu 74. Sitimayo inali yakale ndipo boma linali litangoigula kuchokera ku Fiji. Bungwe lofufuza lomwe linakhazikitsidwa linapeza kuti sinali yoyenera kuyenda panyanja ndipo inagulidwa popanda kuunikidwa mokwanira. Ngoziyi siikhudzana ndi ngongole ya China, koma inachitika m'zaka zomwezo, ndipo ikuonetsa momwe boma la nthawiyo linkapangira ziganizo zikuluzikulu popanda diso la katswiri.

Zinthu zinayamba kusintha kuchokera mu 2010, chaka chomwe anthu anasankha kwa nthawi yoyamba aphungu ambiri a m'Nyumba ya Malamulo, 17 mwa 26. Boma linalemba mndandanda wa ntchito zomanga motsata kufunika kwake, ndipo linagwirizana ndi opereka thandizo pa ndondomeko imodzi ya zosintha zomwe liyenera kuchita kuti lilandire ndalama za m'bajeti. Kwa unduna wa anthu ochepa ichi ndi chinthu chachikulu, chifukwa kale wopereka thandizo aliyense ankabwera ndi zofuna zake, mafomu ake ndi alendo ake oti alandiridwe.

Zipatso zake zikuoneka. Boma linatsata mfundo yopewa ngongole zatsopano zakunja zomwe si zofewa kwambiri, ndipo linatsegula thumba lapadera losungiramo ndalama zodzabwezera China. Mu 2017 boma la Pohiva linalengeza kuti silichititsanso masewero a Pacific Games a mu 2019 chifukwa cha kukwera mtengo kwake, ndipo masewerowo anakachitikira ku Samoa. Chiganizochi chinakwiyitsa ambiri, koma chinaonetsa boma lomwe layamba kufunsa mtengo lisanavomere ulemu.

Komabe akuluakulu omwewo amatinso mlendo ndi mame. Katswiri wobwera amakhala masabata kapena miyezi, n'kusiya lipoti, n'kukwera ndege. Ngati palibe wogwira ntchito m'boma yemwe anagwira naye ntchitoyo kuyambira pachiyambi, lipotilo limathera m'kabati. Ndipo ngakhale wophunzitsidwayo alipo, kumusunga n'kovuta. Anthu a mtundu wa Tonga omwe amakhala ku New Zealand, Australia ndi America ndi ochuluka kuposa omwe ali kwawo. Ndalama zomwe amatumiza kumudzi zimafika pafupifupi 40 peresenti ya chuma cha dziko, chimodzi mwa ziwerengero zapamwamba kwambiri padziko lonse. Ndalamazi ndi zomwe zimasunga mabanja, koma njira yomweyo imatenganso owerengera ndalama, mainjiniya ndi anamwino omwe boma lawaphunzitsa. Ena mwa otsala amakopedwa ndi malipiro abwino a m'maofesi a mapulojekiti a opereka thandizo omwewo.

Mu 2013, bungwe la Pacific Region Infrastructure Facility linatulutsa lipoti lodandaula za chizolowezi cha m'derali chomanga, kulekerera, kenaka n'kumanganso. Opereka ndalama amakonda kutsegulira nyumba yatsopano, ndipo ndi ochepa omwe amafuna kulipira utoto, zitsulo zosinthira kapena malipiro a mmisiri wokonza. Ngakhale mphatso ikhoza kubweretsa mavuto ake. Ndege ya mtundu wa MA60 yomwe China inapatsa Tonga mu 2013 inautsa mkangano ndi New Zealand pa nkhani ya ziphaso za chitetezo, mpaka dzikolo linaimitsa kwa kanthawi thandizo lake la zokopa alendo ndi kuchenjeza nzika zake za ndegeyo.

Kodi unali msampha?

Ku Washington ndi ku Canberra ena amatchula Tonga ngati umboni woti China imatchera maiko osauka msampha wa ngongole. Mu 2019, ofufuza a Lowy Institute anaunika ngongole za m'dera lonse la Pacific ndipo sanapeze umboni woti dziko la China linkachita zimenezi mwadala, ngakhale anachenjeza kuti kukula kwa ngongole zake ndi kufooka kwa njira zake zounikira wobwereka zingagwetse maiko ang'onoang'ono m'mavuto. Ku Tonga, dziko la China silinalande doko kapena malo. Laperekanso mphatso zina, monga nyumba ya maofesi a boma ya St George mumzinda wa Nuku'alofa.

Izi sizichotsa udindo wa wobwereketsa. Banki yomwe ikupereka ndalama zofika gawo limodzi mwa anayi a chuma cha dziko iyenera kufunsa momwe zidzabwezedwere, ndipo kukana kusuntha tsiku lomaliza pambuyo pa ngozi zonsezi ndi chisankho chomwe Beijing inapanga ikudziwa. Palinso mphamvu yomwe wobwereketsa amakhala nayo popanda kulanda kanthu. Boma lomwe limayenera kupita kukapempha nthawi zaka zisanu zilizonse limasamala zolankhula, monga kubweza mawu kwa Pohiva mu 2018 kunaonetsera. Koma mbali ya wobwereka nayo ndi yoonekeratu: ngongoleyi inapemphedwa, inasainidwa mofulumira, ndipo aphungu a anthu analibe mphamvu zokwanira zoiunika.

Njira zomwe zikuyesedwa

Maiko a zilumba sanakhale chete. Mu 2015, dziko la Grenada la ku Caribbean linaika m'mapangano a ngongole zake mfundo yoti namondwe wamkulu akawomba, kubweza kuziyamba kwaima. Mfundoyi inagwira ntchito mu 2024 pambuyo pa namondwe wa Beryl. World Bank nayo inayamba kupereka mwayi wotere kwa maiko ang'onoang'ono. Mu Ogasiti 2024, msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unavomereza muyeso watsopano wounika kusatetezeka kwa dziko, pofuna kuti opereka ndalama asamangoyang'ana zomwe munthu amapeza pa chaka. Kugwiritsa ntchito muyesowu n'kosakakamiza.

Mwezi womwewo atsogoleri a maiko a Pacific anakumana ku Nuku'alofa, komwe mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anachenjeza za kukwera kwa madzi a m'nyanja. Atsogoleriwo anagwirizana kuti likulu la thumba lawolawo lothandiza midzi kukonzekera ngozi, lotchedwa Pacific Resilience Facility, likhale ku Tonga. Cholinga choyamba ndi kusonkhanitsa madola 500 miliyoni, ndipo dziko la Australia linalonjeza madola ake 100 miliyoni. Thumbali likufuna kupereka thandizo losabweza pa ntchito zing'onozing'ono zosankhidwa ndi eni dera. Zonsezi ndi zothandiza m'tsogolo, koma palibe chomwe chikusintha mapepala a mu 2008 ndi 2010.

Chaona mnzako

Malawi si chilumba, ndipo anthu ake ndi ochuluka kuwirikiza pafupifupi 200 poyerekeza ndi a ku Tonga. Koma maiko awiriwa anagogoda pa khomo limodzi m'nyengo imodzi. Dziko la Malawi linasiya Taiwan n'kutsegula ubale ndi Beijing kumapeto kwa 2007, ndipo ngongole za China zinamanga malo a misonkhano a BICC ndi bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe komanso sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo. Mavuto a ngongole a dziko lino ali ndi magwero enanso, kuphatikizapo ngongole zodula za mabanki a malonda ndi zomwe boma limatenga m'dziko momwemuno. Komabe ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole iliyonse yolembedwa mu ndalama zakunja inakula tsiku limodzi, chimodzimodzi momwe zimachitikira ndi pa'anga. Namondwe wa Freddy, mu Malichi chaka chomwecho, anaonetsanso kuti milatho ndi misewu ikhoza kupita ngongole yake ikadalipo.

Mafunso omwe aphungu a ku Tonga anafunsa mochedwa mu 2012 ndi omwe aphungu a ku Lilongwe ali ndi mwayi wofunsa nthawi iliyonse yomwe bilu yololeza boma kubwereka yafika m'Nyumba ya Malamulo. Ngongoleyi idzabwezedwa mu ndalama yanji? Chomwe chikumangidwacho chidzabweretsa ndalama zingati, ndipo adzachikonza ndani chikawonongeka? Ndani waunika mtengo wa kontrakitala? Nanga ngozi ikagwa, mapepala akuti chiyani?

Ku Nuku'alofa, boma lasankha kubweza, ndipo likafika kumapeto lidzakhala litachotsa gawo lalikulu la ngongole zake zonse zakunja. Kuti lifike kumeneko likudalira zinthu zitatu zomwe sizili m'manja mwake: kuti abale akunja apitirize kutumiza ndalama, kuti opereka thandizo asatope, komanso kuti nyengo ya anamondwe, yomwe imayamba mu Novembala mpaka Epulo chaka chilichonse, idutse popanda wina wofanana ndi Gita kufikira 2030.